Kachipewa ka Kumapeto kwa Waya

Chipinda chathu chojambulira matepi chinalibe zenera. Amene anachimanga ndikhulupirira sankafuna kuti munthu wam'katimo adziwe ngati kunja kuli dzuwa kapena kukugwa mvula. Ndinagwiramo ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kudula ndi kulumikiza zithunzi za wailesi ya kanema. Anzanga onse anali atasamukira ku nyumba yatsopano, kumene zonse ndi makompyuta ndipo anthu amakhala chete atatseka makutu ngati anayambana. Ine anandisiya kuti nditsirize kusamutsa matepi akale. Lachisanu limenelo, folo koloko madzulo, wamagetsi anali woti abwere kudzadula magetsi a chipindacho, asadzayakenso.

Mwa makina onse a m'chipindamo, amene sanazimitsidwepo chiikireni anali kabokosi kotuwa ka m'munsi mwa shelefu yachitsulo. Kanalibe batani, kanali ndi kanyali kamodzi basi. M'mabuku amakatchula refarensi, koma ife tinkati ng'oma, dzina limene anakapatsa injiniya wathu wakale. Ntchito yake imaseketsa ukaimva koyamba: kamatumiza chithunzi chakuda bii, chopanda kanthu, chaka chonse. Koma m'kati mwa mdimawo muli kugunda kosaphonya, ndipo makina ojambula amamvera kugunda kumeneko kuti adziwe poyambira chithunzi ndi pothera pake. Akapanda kukumva, aliyense amavina yake, ndipo chojambulidwacho chimatuluka chong'ambika, mutu wa munthu kumanzere, mapewa kumanja.

Injiniyayo tinkawatchula a Taimakaye, chifukwa mawu awo anali omwewo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ukangotambasula chala kuti udine batani lojambulira, umamva kumbuyo kwako: "Taimani kaye. Nyali yabiriwira?" Pa makina ojambula pali kanyali kamene kamakhala kofiira mpaka makinawo atamva ng'oma bwino, kenako kamabiriwira. Iwo sankalola munthu kujambula kasanabiriwire, ngakhale abwana atamalalata pa foni. Ine ankanditchula Mayi Changu, ndipo sindingakane, dzinalo linandikhala.

Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti mdima ulipo wa mitundu iwiri. Tsiku lina anazimitsa sikirini imodzi, ina n'kuilumikiza ku ng'oma, ndiye anandiimika pakati.

"Uwu ndi mdima wakufa, uwu ndi wamoyo. Mukuona kusiyana?"

"Zonse zakuda, bambo."

"Mudzaona. Inu vuto lanu mumafuna muone lero."

Ndinadzaonadi. Mdima wa ng'oma uli ndi kakuwala kapansipansi, ngati munthu waima kuseri kwa katani. A Taimakaye anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo sindinkakonda kufulatira sikirini imene inkaonetsa mdima umenewo. Ndikakhala ndekha ndinkamva kuti msana wanga ukuyang'anidwa. Ulendo wina ndinaitembenuzira kukhoma, mawa lake n'kuipeza yayang'ananso mpando wanga. Wosesa anati sanaikhudze. Kaya ananama, kaya anaiwala, ine sindinafunsenso.

Lachisanu lija, cha m'ma wani koloko, mlonda wa pageti anandibweretsera mlendo. Anali mayi wachitsikana wovala yunifolomu ya unamwino, juzi pamwamba, atanyamula jumbo ndi manja awiri ngati muli mazira. Asanayankhule ndinali nditamudziwa kale. Anapendeketsa mutu kumvetsera kulira kwa makina, ndipo kapendekedwe kameneko ndinakhala nako chipinda chimodzi zaka khumi ndi zisanu.

"Pepani amayi, ndakusokonezani," anatero. "Bambo anga ankagwira ntchito kuno. Anali injiniya."

"Ndikuwadziwa. Khalani pansi, mwana wanga. Mpando uwo ndi wothyoka, tengani uwu."

Anatulutsa tepi yapanyumba, ya makamera obwereka aja, yokulunga m'kansalu. Anati anajambula ndi achimwene ake, miyezi ingapo bambo awo asanamwalire, iye ali kusukulu ya unamwino. Sanaionerepo. Achimwenewo anapita kutali kukagwira ntchito, tepi n'kutsala m'katoni, m'chipinda chimene denga lake linkadontha. Anaipeza mwezi watha posamutsa katundu. Wokonza mawailesi m'tauni atangoitsegula anaibweza, n'kumuuza kuti ayese kuno.

"Zaka makumi atatu akujambulitsa anthu ena, iwo osalowamo ngakhale kamodzi," anatero, akuseka pang'ono. "Ndi iyi yokha. Amayi maso akutha. Adokotala akuti chaka chino chikamatha sazionanso. Akungoti, ndiwaonenso kamodzi nkhope, basi."

Ndinaitengera pansi pa nyali n'kutsegula kachitseko kake. M'mphepete monse munali chuku choyera. Nditakhudza pang'ono ndi nsonga ya chala, chala chinabwerako ndi fumbi lofiirira. Fumbi limenelo ndilo chithunzi, ndilo mawu. Tepi ikafika pamenepo imayenda ikukhetsa zimene yasunga.

"Ndikuuzeni zoona," ndinatero. "Iyi iyenda kamodzi kokha. Ikamadutsa m'makina, makinawo aziipala. Tikaiimitsa pakati, iduka. Ndiye tiiyendetse kamodzi, uku makina aakulu awa akujambula pa tepi yabwino. Ikalowa pa yabwinoyo, mutha kukopera m'kompyuta kangati konse mungafune. Ikapanda kulowa, ndiye kuti yapita."

"Sitingaionere kaye?"

"Kuionera ndi komweko kuipha."

Anayang'ana tepiyo nthawi yaitali. Kenako anati, "Chitani mmene bambo akanachitira."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga, koma ndinangovomera ndi mutu n'kuyamba ntchito. Ndinapukuta makina akale oyendetsa matepi apanyumba. Chithunzi cha matepi otere chimanjenjemera, ndiye chimayamba chadutsa m'bokosi lina lochiwongola chisanafike ku makina ojambula, ndipo bokosilo ndi makinawo ayenera kumvera ng'oma imodzi. Ndinalumikiza zonse, ndinaika tepi yatsopano, ndinatambasula chala. Sindikudziwa ngati "Taimani kaye" uja ndinamumva ndi makutu kapena ndi chizolowezi, koma chala chinaima m'malere, maso n'kupita pa kanyali. Kanali kofiira.

Ndinadikira. Kofiirabe. Ndinazimitsa makina n'kuyatsanso, chimodzimodzi.

Ndinatenga tochi n'kulowa kuseri kwa shelefu, kampata kopapatiza kamene munthu amayendamo chammbali. Waya wa ng'oma amachoka m'kabokosi kaja n'kulowa m'makina oyamba, kutuluka, kulowa m'achiwiri, choncho mpaka omaliza. Pa makina omaliza, potulukira pake pamatsekedwa ndi kachitsulo kozungulira, kakang'ono ngati chotsekera botolo la mankhwala. Tinkakatchula kachipewa. Kakapanda kukhalapo, kugunda kuja kumafika kumapeto n'kubwerera, kumawombana ndi kumene kukubwera, makina n'kusokonezeka. Anyamata onyamula katundu anali atachotsa makina awiri Lolemba, ndipo makina anga ojambula ndiwo anasanduka omaliza. Potulukira pake panali pululu. Zipewa zonse anapita nazo m'katoni ku nyumba yatsopano, kutsidya lina la tauni.

Zonse kupatula kamodzi. Kanali m'chikwama changa, m'kathumba ka zipi, mmene kanakhala zaka khumi ndi chimodzi.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo sindinaiuzepo munthu, ngakhale amuna anga. Chaka chimenecho kunabwera mlendo wamkulu wochokera kunja, wa magalimoto asanu ndi apolisi kutsogolo. Anatipatsa theka la ola kuti acheze ndi mtolankhani wathu mu situdiyo. A Taimakaye anaona nyali itabiriwira, anayamba kujambula, n'kukhala pa foni ndi a ku situdiyo. Ine ndinali mbali ina ya chipinda chomwecho, ndikuthamangitsa nkhani za madzulo. Sikirini yanga inali itavuta sabata yonse, ikuwala mothobwa m'maso, ndipo mankhwala ake anali kachipewa. Kupita kusitolo ya zipangizo kunali kukwera masitepe awiri ndi kusaina pepala. Ndinangopisa dzanja kuseri kwa shelefu n'kuchotsa ka pa makina omaliza, amene tsiku limenelo sankagwiritsidwa ntchito. Ndinati ndibweza pakapita mphindi khumi.

Choipa cha makina amenewa n'chakuti sikirini imaonetsa chimene chikulowa, osati chimene chikulembedwa pa tepi. Munthu umaonera chithunzi chokongola, pamene m'kati zikung'ambika. Mlendo atakwera galimoto lake n'kupita, a Taimakaye anabweza tepi kuti aone. Mphindi zitatu zoyamba zinali bwino, zotsalazo mlendo wamkulu anali zidutswazidutswa.

Pamene ndinkachotsa kachipewa pa sikirini yanga kuti ndikabweze, ndinaona chipinda chadzaza kale. Abwana anali kukalipa mpaka thovu kukamwa. Ndinakalowetsa m'thumba la siketi n'kuima kumbuyo kwa anthu. Ndinali ndi ana atatu, amuna anga ntchito inali itawathera. Ndinati ndinena mawa, mitima ikatsika. Mawa linabala mawa linzake. Ataitanidwa ku ofesi, a Taimakaye anangoti ng'oma ndi yawo, choncho mlandu ndi wawo. Mwezi usanathe anawapumitsa ntchito nthawi isanakwane. Patatha zaka ziwiri ndinapita ku maliro awo, ndinaima kutali, chikwama ndachipanira kukhwapa. Kutaya kachipewako ndinalephera, kukabweza pamalo pake ndinalepheranso, chifukwa anali ataikapo kale kena. Ndasintha zikwama zinayi, iko kakusamuka nane. Amati mlandu suwola, ndipo ine ndaona matepi mazanamazana akuwola, koma uwu ayi.

Ndinatuluka kuseri kuja, ndinatsegula chikwama namwino akuona, n'kutulutsa kachitsuloko.

"Mumayenda ndi zipangizo m'chikwama?" anafunsa. "Bambonso anali choncho. Amayi ankapeza timisomali m'matumba pochapa."

"Ntchito yake ndi yomweyo," ndinatero, osamuyang'ana.

Ndinabwerera kukakaika. Kachipewa kamalowa n'kupotokola, ndiye kamakola pa timano tiwiri. Kano kamodzi kanali kothyoka. Anyamata aja pochotsa waya anachita kuzula ngati chinangwa. Ndikakanikiza ndi chala, namwino ankati yabiriwira. Ndikasiya, yafiira. Ndinayesa selotepi, nyali inkangophethira. Ndinayesa kupanikiza ndi kathabwa, kanagwa kawiri. Wotchi inali itadutsa hafu pasiti thu. Panalibe njira ina koma kuti munthu agwade kuseriko, chala pa kachipewa, mpaka tepi ithe.

"Ndigwire ine," anatero namwino. "Inu ndi amene mukudziwa mabataniwa."

"Ayi. Kuno kuli mawaya a magetsi, mungapse. Mabatani ndi awiri okha, ndikusonyezani."

Za magetsizo zinali zoona, koma chifukwa chenicheni chinali china. Ndinkaopa kuwaona nkhope.

Ndinamusonyeza batani lofiira la makina aakulu, kenako la makina akale, n'kumuuza kuti awerenge mpaka teni pakati pake. Ndinamuuzanso kuti diso limodzi likhale pa kanyali, ndipo chilichonse chingachitike asaimitse tepi. Anabwereza zonse mosaphonya, monga munthu wozolowera kulandira malangizo a mankhwala.

Kuseri kwa shelefu kunali kotentha ndi kwa fumbi. Ndinagwada pa katoni yophwasula, phewa litatsamira khoma, chala chachikulu pa kachipewa. Kutsogolo kwa mphuno yanga kunali mawaya, aliyense ndi kapepala kake kolembedwa ndi pensulo, zilembo zopendekera kumanzere. Pa waya amene ndinagwirayo analemba kuti: ng'oma, osakhudza.

"Yabiriwira," anatero namwino.

"Dikirani pang'ono, ikhazikike. Tsopano dinani."

Ndinamva makina aakulu akukoka tepi, kenako iye akuwerenga chapansipansi, kenako makina akale akukhosomola n'kuyamba kuyenda. Sipika inalira phokoso ngati la mvula pa malata. Phokosolo linatha, panamveka mpando ukukwekwesedwa pa simenti, galu akuuwa kutali, ndi munthu akukonza kukhosi. Kukonza kukhosi kokhako kunandiimitsa tsitsi. Kunamveka ngati kukuchokera m'kampata momwemo, kumbuyo kwa khutu langa.

"Ndi iwowo," anatero namwino, mawu ake atachepa ngati a mwana. "Akhala pakhonde. Akukonza wotchi yapakhoma ija."

Mawu a mnyamata, amene ndinadziwa kuti ndi achimwene ake, anati, "Bambo, tayang'anani kuno."

"Taimani kaye. Kasipuling'i aka kakathawa simukapeza ndinu."

Namwino anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Ine ndinatseka maso. A Taimakaye anayankhula za wotchiyo, kuti anaigula chaka chimene anakwatira ndipo sinachedwepo kuposa mkazi wawo. Mawu a mayi anayankha chapatali kuti anthu ena akakalamba pakamwa ndi pamene pamatsala. Bambowo anadandaula za mapiritsi, za mtengo wa mapeyala umene unakana kubala. Mnyamata anawapemphanso kawiri kuti adzutse mutu, iwo osatheka. Mphindi zinkapita. Chala changa chinayamba kuwawa, kenako chinachita dzanzi, dzanzilo n'kukwera mpaka m'chigongono. Mawondo ndiye osanena. Ndinalimbikira, ndikudziuza kuti ichi chokha ndiwachitire bwino.

Kenako mnyamata uja anafunsa, mwamasewera chabe, "Koma bambo, kuntchito kuja anakuchotsani chifukwa chiyani kwenikweni? Amayi amati munalakwitsa, koma inu kulakwitsa waya?"

Ndinamva kachitsulo kakuikidwa pa tebulo.

"Kachipewa," anatero a Taimakaye. "Kachitsulo kakang'ono chonchi. Wina anakachotsa ndili pa foni."

"Ndani?"

"Sikirini ya Mayi Changu inavuta sabata yonse. Tsiku limenelo nditaika foni pansi ndinaiona ikuonetsa bwinobwino. Sikirini sidzichiza yokha."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Mayiwo anali ndi ana atatu, mwana wanga, amuna awo ali pakhomo opanda ntchito. Ine ndinali nditatopa kale, inu mutakula. Ntchitoyo sinandipweteke kwenikweni." Anakonzanso kukhosi, ndipo mawu otsatirawo anamveka pafupi, ngati asendera. "Ndinkangoti abwera. Osati kwa abwana ayi, kwa ine. Adzangoti, bambo, ndinali ine. Tikanaseka, n'kumwa tiyi. Geti likalira ndimati mwina ndi iwo. Ndikudikirabe, nanga dzina langa si lomwelo."

Sindinasiye dala. Ndalumbira kwa Mulungu kambirimbiri kuti sindinasiye dala. Thupi lonse linangonjenjemera kamodzi, chala chadzanzi chija chinaterereka, kachipewa n'kugwera pa katoni pakati pa mawondo anga.

"Amayi, yafiira," anatero namwino. "Amayi."

Ndinapapasa mu mdima, ndinakapeza, ndinaphonya pobowola, ndinayesanso. Kanalowa. Makina akataya ng'oma sabwerera nthawi yomweyo, amayamba afunafuna.

"Yabiriwira," anatero patapita kanthawi. "Koma musadandaule, chithunzi sichinasinthe. Ndawaona bwinobwino."

Ndinagwira kachipewa ndi manja awiri, misozi ikutsikira m'khosi, mpaka sipika inabwerera ku phokoso la mvula lija. Inali tepi ya mphindi makumi awiri ndi zitatu.

Nditatuluka, miyendo inkakana kuwongoka. Ndinatulutsa tepi yakale m'makina. M'kati monse munali fumbi lofiirira, ndipo tepiyo ukaiyang'anitsa pa nyali malo ena kuwala kunkadutsa. Inali itapereka zonse zimene inali nazo. Ndinabweza tepi yatsopano kuchiyambi, ndinakhala pa mpando wothyoka uja, n'kudina.

Anali iwo. Anali ataonda, malaya akuwakulira m'khosi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Chithunzi chinali chokhazikika ngati chajambulidwa dzulo. Koma mutu unali chozyolikira pa wotchi. Tinkaona pamwamba pa mutu pa imvi, mphumi pang'ono, ndi manja aja, osafulumira. Mphindi khumi, mphindi khumi ndi zisanu, osadzutsa mutu. Ndinayamba kupemphera chamumtima, ndikudziwa kale yankho.

Mnyamata anafunsa funso lake. Iwo anaika sikuludiraiva pa tebulo. Anayankha akuyang'anabe pansi, za kachipewa, za sikirini, za ana atatu. Atafika pa mawu akuti ankangoti abwera, anavula magalasi n'kuyamba kudzutsa mutu. Chibwano chinaoneka. Pomwepo chithunzi chinang'ambika. Mutu unathawira kumanzere, mapewa kumanja, mizere yakuda ikuthamanga kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mawu okha ndiwo anatsala athunthu, onena za tiyi ndi za geti. Pamene chithunzi chinkabwerera, anali atavalanso magalasi, ataweramiranso wotchi yawo, ndipo sanadzutsenso mutu mpaka kumapeto.

Namwino anati ndibweze. Ndinabweza. Anati ndibwezenso pang'onopang'ono, ndinatero, chithunzi chimodzichimodzi. Panalibe ngakhale chimodzi chokhala ndi maso onse awiri.

"Apa pokha ndi pamene anayang'ana kuno," anatero. "Ndinawaona ine. Anayang'ana ngati akuona munthu. Zatheka bwanji, poti pa sikirini zinali bwino?"

"Sikirini imaonetsa zolowa. Zolembedwa zimadziwika pambuyo."

"Ndiye ndi chuku chija? Tepi yangayi ndi imene inali yoonongeka pamenepa?"

Bodza linali litandikonzera mpando. Ndikanangoti inde, iye akanandithokoza, mwinanso kundigwira dzanja, ndipo palibe injiniya pa dziko lapansi akananditsutsa, poti umboni unali fumbi m'makina. Tepi inali itatha, sikirini yabwerera ku mdima wa ng'oma. Sindinafune kuyang'anako, koma ndinkaumva kumbali kwa nkhope yanga, uli phee.

Chitseko chinagogodwa. Anali wamagetsi, makiyi m'manja, pensulo kukhutu.

"Amayi, folo yakwana. Ndidule?"

"Taimani kaye," ndinatero.

Anakweza mapewa n'kukaima pakhonde. Ndinatambasula dzanja n'kuika kachipewa pa tebulo, pakati pa ine ndi namwino. Pa chala changa panali patadindika kamkombero kofiira.

"Si chuku ayi. Chala changa chinaterereka. Chinaterereka chifukwa cha zimene ananenazo." Mawu ankatuluka movuta, ngati ndikukoka chidebe m'chitsime. "Kachipewa ankanena kaja ndi aka. Mayi Changu ndine."

Sanakuwe, sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana. Anayang'ana kachitsuloko, anayang'ana chala changa, kenako anapendeketsa mutu n'kudikira. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa sikirini yothobwa mpaka pa zikwama zinayi. Ndinamuuza kuti nyumba yawo ndinkaidziwa, kuti kawiri ndinatsika basi pa siteji yawo n'kukwera ina yobwerera. Nditamaliza, ndinamva wamagetsi akuyasamula panja.

Namwino anatulutsa tepi yatsopano m'makina yekha, anaikulunga m'kansalu kaja pamodzi ndi yakale, n'kuika m'jumbo. Kachipewa anakasiya pomwepo.

"Amayi akhala pakhonde chiyambire m'mawa," anatero. "Ndinawauza kuti ndibwera ndi nkhope ya bambo. Akandifunsa kuti ili kuti, ine sindiyankha. Mukayankha ndinu."

"Andilandira?"

"Sindikudziwa. Geti ndi lomwe lija."

Anatsogola. Ndinatola kachipewa, ndinauza wamagetsi kuti tsopano atha kudula. Anatsegula bokosi la pakhoma n'kutsitsa chogwirira chachikulu. Mafani onse oziziritsa makina anatsika mawu mpaka zii, kanyali ka ng'oma kanazilala pang'onopang'ono, ndipo kuwala kwa pakhonde kunagwera pa sikirini ija. Ndinaiyang'ana maso ndi maso, koyamba pa zaka zisanu ndi zinayi. Linali galasi chabe lakuda, lafumbi, lopanda munthu kuseri kwake. Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ndidzapepukidwa, koma chimene ndinamva ndi chisoni cha munthu amene wafika pa siteji basi itanyamuka.

Namwino anali atafika kale pa masitepe, osacheuka. Ndinakoleka chikwama paphewa n'kumutsatira.